Munthu wopanda dzina wa ku Nottingham

M'nkhani za Robin Hood aliyense ali ndi dzina. Kuli Little John, chimphona chija. Kuli Much, mwana wa mwini chigayo. Ngakhale Guy, yemwe amangobwera kudzaphedwa basi, anam'patsa dzina ndi kwawo komwe: Gisborne. Koma mdani wamkulu wa Robin, munthu amene wakhala akusekedwa kwa zaka zoposa 500, m'nyimbo zakalezo alibe dzina. Amangoti Sherifu wa ku Nottingham. Akabwera timadziwa kuti apusitsidwa, akaphedwa timawomba m'manja, ndipo m'nyimbo yotsatira amapezeka ali moyo kuti adzapusitsidwenso.

Kwa miyezi isanu tsopano ndakhala ndikulemba nkhani yaitali m'Chichewa momwe wolankhula ndi iyeyu, Sherifu. Anzanga a m'kagulu kathu ka zolembalemba andifunsa kangapo kuti bwanji osangolemba za kwathu kuno, nanga za azungu a makedzana zikundikhudza pati? Ndiye ndati ndiyankhe kamodzin'kamodzi, mofatsa.

Choyamba, Robin Hood amene ambirife tinam'dziwira m'mavidiyo sho si wa m'nyimbo zoyambirira zija. Dzina lake limayamba kumveka m'mabuku cha m'ma 1377, mu ndakatulo ya William Langland yotchedwa Piers Plowman, momwe wansembe wina waulesi akuvomera kuti pemphero la Atate Wathu salidziwa bwinobwino koma nyimbo za Robin Hood ndiye amazidziwa. Nyimbo yakale kwambiri imene inasungika ndi Robin Hood and the Monk, ya cha m'ma 1450, ndipo yaitali kwambiri ndi A Gest of Robyn Hode, imene inasindikizidwa cha m'ma 1500. Mukawerenga zimenezi mumadabwa. Robin si mwana wa kubanja lachifumu wolandidwa chuma, zimenezo anadzawonjezera ndi Anthony Munday m'masewero ake a mu 1598. Maid Marian mulibe. Mfumu ya mu Gest ndi Edward, osati Richard. Amene anam'sunthira Robin ku nthawi ya Richard ndi wolemba mbiri wa ku Scotland, John Major, mu 1521, kenako Walter Scott anadzakhomerera ndi buku lake la Ivanhoe mu 1819.

Nanga zobera olemera n'kumagawira osauka zija? Gest imanena kumapeto kuti Robin ankachitira zabwino amphawi, koma munthu amene timamuona ndi maso athu akuthandizidwa ndi msilikali wapahatchi, mwini malo, yemwe wakongola mapaundi 400 kwa mkulu wa nyumba ya amonke ya St Mary's ku York. Komanso poyamba ndi ngongole, si mphatso ayi. Ndipo mu Robin Hood and the Monk muli kachigawo kamene palibe kanema aliyense amene ndinamuonapo akukajambula. Little John ndi Much akumana ndi mmonke yemwe anapereka Robin kwa Sherifu. John akupha mmonkeyo. Mmonkeyo anali ndi kamnyamata komutumikira, ndipo Much akukadula mutu kuti kasakaulule. Nyimboyo siima n'komwe kuti ipume, imangopitirira.

Nditawerenga pamenepo ndinadzifunsa kuti, kodi thupi la kamnyamatako analipeza ndani pamsewu? Anakauza mayi ake ndani? Ndi ofesi yanji imene inayenera kufufuza? Nkhani yanga inabadwira pa mafunso amenewa.

Kuti ndim'lembe bwino munthuyu ndinayamba ndafufuza kuti ntchito yake inali yotani. Ife kuno mawu akuti sherifu timawadziwa, paja ndi aja amabwera ndi chikalata cha kukhoti n'kunyamula mipando, firiji ndi galimoto munthu akalephera kubweza ngongole. Udindowu tinautengera ku malamulo a Angerezi, ndipo ngakhale mphamvu zake zinachepa, fungo lake ndi lomwelo: munthu wobwera kudzatenga. Ku England wa zaka za m'ma 1100 ndi 1200 sherifu anali dzanja la mfumu m'chigawo chonse. Ankatolera ndalama za m'minda ya mfumu, zindapusa ndi misonkho, ankayendetsa bwalo la milandu la chigawo, ankasunga akaidi, ankasaka othawa lamulo. Nottinghamshire ndi Derbyshire zinali ndi sherifu mmodzi.

Chimene chinandigwira mtima ndi ichi. Kawiri pachaka, pa Pasaka ndi pa chikondwerero cha Mikayeli Woyera kumapeto kwa Seputembala, sherifu aliyense ankayenera kukaonekera ku Exchequer, ofesi yowerengera chuma cha mfumu. Kumeneko kunali tebulo loyalidwa nsalu ya mizeremizere ngati bolodi ya drafuti, ndipo akuluakulu ankayika timiyala towerengera m'mabokosi ake, mzere uwu zimene ukuyenera kupereka, mzere uwu zimene wabweretsa. Chigawo chilichonse chinali ndi mlingo wake woikika wa pachaka. Lisiti inali kamtengo: ankakatema mizere yosonyeza ndalama, n'kukang'amba pakati, theka kutsala ku ofesi, theka kupita ndi sherifu. Zonse zinkalembedwa pa zikopa za nkhosa zimene ankazikulunga ngati mkeka, ndipo zambiri zilipobe mpaka lero ku London. Ukapereweza, ngongoleyo inali yako, ankatha kukutsekera, ndipo inkalembedwanso chaka ndi chaka mpaka kukafika kwa ana ako. Ukatolera zopitirira mlingo, zotsalazo zinali zako. Tangoganizani ntchito yopangidwa motero imaumba munthu wamtundu wanji.

Ndiye pali mfumu yabwino ija, Richard Mtima wa Mkango, imene makanema amatiuza kuti ikadzangobwera zonse zidzakhala myaa. Richard analamulira kuyambira 1189 mpaka 1199, ndipo pa zaka khumizo anakhala ku England pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi yokha. Atangolowa ufumu anagulitsa maudindo, kuphatikizapo a usherifu, kuti apeze ndalama za nkhondo ya ku Yerusalemu. Pobwerera mu 1192 anagwidwa pafupi ndi Vienna, ndipo dipo lomuwombolera linali mamaki 150,000 a siliva. Anthu analamulidwa kupereka gawo limodzi mwa magawo anayi a zimene ankapeza, matchalitchi anapereka ziwiya zawo za siliva ndi golide. Anamasulidwa mu Febuluwale 1194, anafika ku England, analanda linga la Nottingham m'manja mwa anthu a mng'ono wake John, ndipo pofika Meyi anali atawolokera ku France kukamenya nkhondo ina. Sanabwererenso. Nkhondoyo nayo inkafuna ndalama. Nkhani yanga ndaiika m'zaka zimenezi, pamene mfumu ikutamandidwa m'nyimbo ili kutsidya kwa nyanja, koma wogogoda pachitseko cha mlimi kudzatenga ng'ombe ndi munthu wina.

Apa ndiye pamene nkhaniyi imalowa m'nyumba mwathu. Malemu bambo anga anagwira ntchito yodulitsa ziphaso pamsika wa paboma lina kwa zaka zambiri. Mmawa uliwonse ankanyamula kabuku ka malisiti ndi kachikwama, n'kumayenda benchi ndi benchi. Pamsika ponse ankawatchula kuti a Zakeyu. Dzina lawo lenileni ndikukayika ngati amalonda khumi ankalidziwa. Ine kusukulu ndinali mwana wa Zakeyu, ndipo panali mnyamata wina wogulitsa zovala za kaunjika yemwe anatchuka chifukwa chowazemba. Akangowaona, ankakulunga katundu n'kulowa kuseri kwa mabucha, amayi a tomato n'kumuimbira nthungululu. Iyeyo ndiye anali Robin Hood wa pamsika pathu. Nkhani zake zinkakoma, ngakhale ine ndinkaseka ndikazimva.

Zimene amsikawo sankaziona ndi za madzulo. Bambo ankakhala pamkeka ndi nyali ya koloboyi, akuwerenga makobidi ndi kuwayerekeza ndi malisiti. Anali ndi mlingo woyenera kupereka. Zikaperewera ankawadula pamalipiro, ndipo mwezi umenewo ndiwo zinali bonya mpaka kutha. Ndalama zimene ankatolera zinkapita kumene iwo sankafikako, pamene zimbudzi za pamsika zinakhala zaka zili zogumuka, ndipo wotukwanidwa chifukwa cha zimbudzizo anali iwo, poti ndi iwo ankaoneka. Nditawerenga za tebulo la ku Exchequer ndinaona mkeka uja.

Koma musafulumire kuwamvera chisoni, poti palinso china. Tsiku lina ndili Sitandade 6 ndinawaona akulanda beseni la tomato kwa mayi wina yemwe analibe ya chiphaso. Mayiyo anali ndi mwana kumbuyo, anagwada, anati agulitse kaye pang'ono adzapereka masana. Bambo anakana, beseni linapita ku ofesi. Usiku umenewo nsima anangoitsina kawiri n'kusamba m'manja. Amayi anawafunsa kuti, "Bambo a Chikondi, simukanangomusiya mayi uja?" Iwo anati, "Ndikamusiya iyeyo mawa onse agwada." Chinkawapweteka, zoona. Koma beseni silinabwerere, ndipo ana a mayi uja usiku umenewo kaya anadya chiyani. Kupwetekedwa mtima kwa bambo anga sikunawaphikire ana amenewo nsima.

Zinthu ziwirizi, mkeka ndi beseni, ndi zimene ndikuyesa kuzigwira pamodzi mwa Sherifu wanga. Mnzanga wina atawerenga mitu iwiri yoyamba anandiuza kuti, "Aise, iwe ukufuna kusambitsa fisi kuti alowe m'khola." Nkhawa yakeyo ndi yomveka, chifukwa nkhani zambiri zolembedwa kuchokera kumbali ya mdani zimathera pomupanga kukhala mngelo amene anthu sanam'mvetse, ndiye woipa n'kukhala ngwazi ija. Kumeneko n'kungotembenuza chovala, nsalu ndi yomweyo. Ndipo mbiri siilola zimenezo. Mu 1170 Mfumu Henry II inalamula kafukufuku wa masherifu m'dziko lonse chifukwa cha madandaulo a katangale, ndipo ambiri anachotsedwa. Philip Marc, yemwe anakhala sherifu wa Nottinghamshire ndi Derbyshire kuyambira 1208 pansi pa Mfumu John, anadedwa mpaka dzina lake linalembedwa mu Magna Carta ya mu 1215 pa mndandanda wa anthu oyenera kuchotsedwa paudindo. Sanachoke, anakhalapobe mpaka 1224. Anthu amenewa ankadya, ndipo ankadya pomwe anamangiriridwa, ngati mbuzi ija timainena.

Malamulo a nkhalango nawo anali ankhanza. Nkhalango ya mfumu ngati Sherwood sinali mitengo yokhayokha, munali midzi ndi minda. Koma wokhalamo sankaloledwa kupha gwape ngakhale akum'dyera mbewu, kapena kudula mitengo mwachisawawa, ndipo agalu akuluakulu ankawadula zikhadabo zitatu za kuphazi lakutsogolo kuti asathamangitse nyama. Mpaka chikalata cha za nkhalango cha mu 1217 ndi pamene analemba kuti munthu asaphedwenso kapena kudulidwa chiwalo chifukwa cha nyama ya mfumu. Nkhalango inali ndi alonda ndi mabwalo akeake, koma kwa mlimi wamba onsewa anali anthu amodzi, a mfumu. Amene anaimba nyimbo zonyoza Sherifu anali ndi chifukwa. Ndikachotsa chifukwacho ndiye kuti ndawanamiza owerenga.

Mbali inayo nayo sinali ya angelo. Zigawenga zenizeni za nthawi imeneyo tikuzidziwa. Abale a banja la Folville, a ku Leicestershire, anapha Roger Bellers, mmodzi wa akuluakulu a ku Exchequer, mu 1326, ndipo mu 1332 anagwira woweruza Richard Willoughby n'kum'tulutsa atalipira mamaki 1,300. Sanali alimi osauka, anali ana a mwini malo, mmodzi wa iwo wansembe. Komabe anthu ambiri ankawayamikira, poti amene ankawagwirawo anali odedwa kale. Zimenezi n'zimene zimandichititsa mantha ndi nthano ya Robin: munthu akangomenya amene timadana naye, sitifunsanso kuti ndalamazo wapita nazo kuti.

M'nkhani yanga, Robin akalanda thumba la msonkho panjira, ku Exchequer sachotsera kalikonse. Sherifu amabwereranso kumudzi womwewo kukatolera kachiwiri. Pali mayi wamasiye amene Robin anam'ponyera makobidi awiri a siliva dzulo lake, lero akulandidwa nkhumba. Mayiyu amadalitsa Robin ndi kutemberera Sherifu, ndipo sakulakwitsa, chifukwa amene wam'landa nkhumba ndi Sherifu. Sherifuyo akudziwa masamu onse a nkhaniyi, koma nkhumba akuitengabe.

Chigawo chimene ndakhala nacho nthawi yaitali ndi cha usiku wa m'nkhalango. Mu Gest, Little John amalowa ntchito kwa Sherifu ndi dzina lonama, amam'bera ziwiya zasiliva, kenako amam'nyengerera kulowa m'nkhalango kuti akaone gwape wodabwitsa. Kumeneko amam'dyetsa chakudya m'mbale zake zomwe zobedwazo, amam'vula zovala zapamwamba n'kum'goneka pansi usiku wonse, mpaka mmawa akulumbira kuti sadzawavutitsanso. M'nyimbomo ndi nthabwala. Ine ndalemba motere:

"Mbale imene anandiikira nyama ndinaidziwa. Ndi ija mkazi wanga anabwera nayo kuchokera kwa bambo ake, ya chibonga m'mphepete pomwe mwana wathu anaigwetsa. Anyamata onse maso anali pa ine kuti aone ngati ndidye. Ndinadya. Amene anandibweretsa kunoyu wakhala akudya patebulo langa, ndinam'patsa hatchi yabwino, ndinauza wophika kuti azim'patsa mowa wosasungunula. Akuseka kwambiri kuposa onse. Sindikum'da chifukwa cha siliva. Usiku mizu ikundibaya m'nthiti ndinawerenga masiku otsala kuti ndikaime patsogolo pa nsalu ya mizere ija: makumi anayi ndi limodzi. Mbandakucha mtsogoleri wawo anabweretsa lupanga kuti ndilumbirirepo. Ndinalumbira ndi mawu omveka bwino. Ndinali nditasankha kale mudzi umene udzalipire mbalezi."

Chiganizo chomalizacho ndinachichotsa kawiri n'kuchibwezeretsa. Popanda icho, owerenga amangomumvera chisoni. Chikakhalapo, amamumvera chisoni kenako n'kuchita naye mantha, ndipo ndi momwe ndimafunira.

Munthu wina amene wandithandiza ndi mkazi wake. Mu nyimbo ya Robin Hood and the Potter, Robin amadzisandutsa woumba mbiya, amagulitsa motchipa mu Nottingham, zotsala n'kupatsa mkazi wa Sherifu ulere, mpaka amaitanidwa kukadya kunyumba kwawo. Mawa lake amam'tengera Sherifu kunkhalango, amam'landa hatchi ndi katundu n'kum'bweza wapansi, koma mkaziyo amam'tumizira mphatso ya hatchi yoyera. Mwamuna atafika kunyumba n'kufotokoza, mkaziyo amaseka kwambiri. Kuseka kumeneko ndakupatsa mutu wakewake. Munthu amene chigawo chonse chimamuopa, m'nyumba mwake akusekedwa, ndipo hatchi ya mdani wake ili m'khola mwake ikudya udzu wake. Mmawa wotsatira akapita kubwalo la milandu, woyamba kuweruzidwa ndiye adzalawe ukali wa kuseka kuja.

Si ine woyamba kuganiza zoterezi. John Gardner analemba Grendel mu 1971, kufotokoza nthano ya Beowulf kuchokera m'kamwa mwa chilombo. Ndipo kanema wa Ridley Scott wa mu 2010 anayamba ngati sewero lotchedwa Nottingham, lolembedwa ndi Ethan Reiff ndi Cyrus Voris, momwe Sherifu ndiye anali mwini nkhani, akufufuza milandu yakupha. Pomadzafika pojambula zonsezo zinali zitasinthidwa, Russell Crowe n'kukhala Robin Hood wina, Sherifu n'kubwerera pakona. Sindidabwa. Nthano ya Robin imatipatsa mdani amene tingathe kumuona nkhope, kumuseka ndi kumupha, pamene mfumu ikutsala yoyera. Nkhani ya Sherifu imatikakamiza kuyang'ana kumene thumba likupita, ndipo kumeneko kulibe munthu mmodzi woti um'lase ndi muvi.

Taonani zimene zimachitika chakumapeto kwa Gest. Robin akulasa Sherifu mumsewu wa mu Nottingham n'kum'dula mutu. Mfumu ikubwera, ikudzibisa ngati mkulu wa amonke, ikulowa m'nkhalango, ikudya ndi zigawengazo, ikupikisana nazo pa uta, kenako ikuzikhululukira zonse n'kum'tenga Robin kukakhala kunyumba yachifumu. Wantchito wake waphedwa akugwira ntchito yake, koma mfumu ndi womuphayo akuyenda limodzi pahatchi akuseka. Robin amati amakonda mfumu kuposa munthu wina aliyense, vuto lake ndi antchito a mfumuyo. Nafenso timatero kawirikawiri: bwana ndi wabwino, oipa ndi omuzungulira.

Pa nkhani ya dzina, ndinayesa maina angapo koma onse ndinawasiya. Mkazi wake amamuitana kuti "inu", antchito amati "bwana", amidzi amati "uja". Dzina lake lidzaoneka kamodzi kokha, m'mutu womaliza, ndipo wolankhula sadzakhalanso iye poti adzakhala atafa. Adzakhala kalaliki wa ku Exchequer, pa chikondwerero cha Mikayeli Woyera, akufunyulula chikopa. Adzawerenga dzinalo mokweza, palibe woyankha. Adzalemba ndalama zimene zaperewera chaka chimenecho, kuphatikizapo thumba lija linalandidwa panjira, n'kuzisamutsira pa dzina la mwana wake wamwamuna wa zaka khumi ndi ziwiri. Kenako adzaitana sherifu watsopano wa Nottinghamshire ndi Derbyshire kuti asendere patebulo alandire kamtengo kake.

Mutuwo sindinaulembe. Ndatsala ndi itatu kuti ndikafikeko, ndipo umene ndili nawo panopa ndi wa kamnyamata kaja, pamene Sherifu akupita yekha kukauza mayi ake. Mayiyo akumufunsa ngati opha mwana wake adzagwidwe. Iye akulonjeza, ndipo potuluka akuona kuti pakhomopo pali ng'ombe imene sinalembedwe m'kaundula wa msonkho.